Botolo la Buluu Pakabati

Apongozi anga amagulitsa tomato, kapenta ndi dothi pamsika wa ku Nangongwe. Dothi lake ndi lija lowotcha, loduladula, limene amayi apakati amalilakalaka. Chifukwa cha malonda amenewo, iwo amadziwa amene waima m'komboni monse mwamuna wake asanadziwe n'komwe. Koma sanena. Kwawo kum'mawa, kumene makolo awo anachokera pobwera kudzagwira ntchito ya njanji, mimba sitchulidwa mpaka akuluakulu atabwera kudzakuthira madzi ndi kukumanga mkanda woyera pamkono. Tsikulo lisanafike, aliyense amakhala wakhungu dala.

Ine mwambo umenewu ndinkauseka. Ndinakulira mutchalitchi cha Pentekosite, momwe chabwino chilichonse timachichitira umboni pamaikolofoni. Mimba yanga yoyamba ndinaiulula choncho, manja ali m'mwamba, isanayambe kuoneka. Inachoka. Anesi anandiuza kuti zimachitika, si mlandu wa munthu, ndipo mutu wanga unavomera. Mtima wokha ndiwo unakana. Nditaimanso ndinasoka pakamwa. Ankadziwa ndi amuna anga basi, ndi anesi a kusikelo, kumene ndinkapita mozemba ngati wakuba nkhuku.

Kusikeloko anandipatsa mapilitsi ofiira owonjezera magazi. Nalonso dothi linandigwira mtima, moti ndinkakagula kwa mayi wina wa kumapeto kwa msika kuti apongozi asandione. Ziwirizi zitakumana, m'mimba munauma gwa. Chimbudzi chathu chinali chimodzi cha mabanja onse a papulotipo, ndipo ndinkakhalamo mpaka anzanga kugogoda, n'kutuluka wopanda chochitika. Kudzikakamiza ndinkaopa. Ndinkangoganiza kuti ndikalimbikira, mwana atsika ngati woyamba uja. Kufunsa anesi nkhani ya chimbudzi ndinkachita manyazi, komanso tsiku langa la sikelo linali kutali.

Amuna anga amagwira ntchito kufakitale ya feteleza. Ndi munthu wabwino, koma vuto lililonse amaliona ngati paipi yotsekeka. Tsiku lina poweruka anabwera ndi botolo la buluu logula kusitolo ya mankhwala, m'kati muli mankhwala oyera ngati phala la mwana.

"Ati ni mkaka wa maginesiya," anatero monyadira. "Imwa hafu, vizasila."

"Munabauza kuti nili bwanji?"

"Nanga si unakamba kuti tisauze munthu? Nenze nakamba kuti ni vanga."

Ndinawayang'ana mpaka anayamba kukanda kumutu. Mankhwala ogulira bambo wonyamula matumba a feteleza, ndimwe ine ndi kamwana kanga! Kuwakalipira sindikanatha, poti lamulo lokhala chete ndinaika ndine. Botololo ndinaliika pakabati. Ndinkalitsegula, kulinunkhiza, n'kulitsekanso. Kumwa ndinkaopa, kusamwa ndinkavutika.

M'mawa wina apongozi anatulukira ndi papaya ndi chibwabwa, masamba a maungu aja, m'kabasiketi. Si anthu osiya malonda popanda chifukwa. Ndinawayalira mpando, n'kugwada movutikira kuti ndiwapatse moni. Maso awo anayenda kuchoka pa ine kufika pakabati.

"Botolo iyo ni ya ndani?"

"Ni ya mwana wanu, amai."

"Uja? Kuchokera pamene ninamubala sanazimbidwepo. Angadye na misomali."

Ndinaweramitsa mutu. Iwo anayamba kusenda papaya ndi kampeni kawo ka pamsika. Ndinkaona kuti akulimbana ndi chinachake, chifukwa khungu la papayalo ankalisenda mokhuthala, chonsecho ndi anthu osataya kanthu.

"Dothi ya uja mai wa kumapeto ili na mchenga," anatero. Kenaka anaika mpeni pansi. "Mwana wanga, muli na mimba. Mwamwako mankhwala aya?"

Mawu amene ndinawabisa miyezi yonseyi anali atatuluka, m'nyumba mwanga momwe, chitseko chili chotsegula. Ndinakwiya, ndipo ndinalira.

"Amai, mwaitchula!"

"Naitchula. Ngati mwambo uli na mlandu, ubwele kuli ine. Mankhwala siyaziba mwambo. Mwamwako?"

"Iyai."

"Valani chitenge. Tizafunsa bamene banaphunzila."

Tinakwera minibasi, botolo lili m'kabasiketi pamodzi ndi chibwabwa. Kuchipatala apongozi analowa nane m'chipinda, n'kuliimika pathebulo la anesi ngati mboni. Anesiwo, mayi wamagalasi wosathamanga polankhula, sanaseke. Anandifunsa ngati ndinadwalapo impso, ngati m'mimba mukupota, ngati ndaonapo magazi. Zonse ndinakana. Anandiyeza, n'kundimvetsera kugunda kwa mtima wa mwana pakachipangizo kawo. Apongozi anayang'ana kukhoma, koma khutu lawo linali kwa ife.

Kenaka anafotokoza. Kudzimbidwa n'kofala kwa amayi apakati, makamaka akamamwa mapilitsi a magazi, ndipo sikutsitsa mwana. Mankhwala a m'botolomo mayi woyembekezera angathe kumwa achipatala akavomereza, koma pang'ono, kwa masiku ochepa, osati tsiku ndi tsiku ngati tiyi. Anandionetsa mzere pakakapu koyezera pamene ndiyenera kulekezera. Anati ndizimwera madzi ambiri, ndipo ndisamwe nthawi imodzi ndi mapilitsi ofiira aja, ndizisiyanitsa ndi maola angapo kuti mapilitsiwo agwire ntchito. Ndikatsegula m'mimba kwambiri, kapena kumva kupweteka, kapena zikapanda kusintha, ndibwerere msanga. Atamva za hafu ya botolo, anavula magalasi.

"Hafu? Bamuna banu mubauze kuti si thanki yamene basuka."

Anatinso mankhwala enieni ndi masamba, zipatso, madzi ndi kuyendayenda. Za dothi anati ndisiyiretu. Apa ndinasuzumira apongozi, poti malonda awo ndiwo ankanyozedwa. Iwo anangogwedeza mutu.

"Nigulisa, koma uyu sazadyanso," anatero.

Ndinamwa monga anandiuzira, mtima uli m'malo. M'mawa mwake ndinatuluka m'chimbudzi muja ndikuimba korasi, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nafe anafunsa ngati ndalandira uthenga wabwino. Ndinati inde. Botolo linabwerera pakabati lisanafike n'pakati pomwe, ndipo sindinalifunenso. Papaya ndi chibwabwa ndizo zinkabwera mosaphonya. Dothi ndinalilakalaka mpaka kumalota, koma pamsika ponse panalibe wondigulitsa. Apongozi anali atadutsamo kale.

Mimba itaoneka, akuluakulu anabwera mamawa, monga mwa mwambo. Anandikhazika pamphasa, azakhali a amuna anga n'kundithira madzi, n'kundiuza mwaulemu kuti ndili ndi pakati. Apongozi anagwira pakamwa, kudabwa ngati akumva koyamba, ndipo analuluta kuposa onse. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Pondimanga mkanda woyera uja anawerama, n'kundinong'oneza.

"Lelo kuchimbuzi mwayenda?"

"Nayenda, amai."

Nthawi yomweyo mwana anandimenya kachidendene pansi pa nthiti. Ndinagwira dzanja la apongozi n'kuliika pamenepo, anthu onse akuona. Anamenyanso. Ndinaona misozi ikutsika pamasaya a mayi amene sindinawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene woyamba uja anachoka.

Mwanayo ndi mtsikana, ndipo chaka chino wayamba sukulu. Mimba yake inatchulidwa nthawi isanakwane, chitseko chili pululu, koma iye anakhala.