Masikono a Mkazi Wanga Anawapaka Polishi wa Nsapato

Wojambula zithunzi wina wa m'tauni muno wapha malonda a mkazi wanga, ndipo mpaka lero akukana kutuluka kuti andiyankhe.

Mkazi wanga, Amake Rozina, amaphika masikono kuno ku Kabwata. Che Saidi, mwini kantini ya tiyi pafupi ndi siteshoni ya sitima, anatiuza kuti: "Mubweretse Loweruka masana ndilawe. Akandikomera, ndizitenga tsiku lililonse."

Tsono vuto langa ndi kuwerenga. Sukulu ndinalekezera panjira, koma magazini amene azungu amataya ku ofesi kumene ndili mesenjala ndimatola onse. M'menemo ndinaona kuti mabisiketi a ku Salisbury amayenda malonda chifukwa cha chithunzi. Ndiye ine, katswiri wophunzira m'bini, ndinati tijambulitse masikono, chithunzi chikakhomedwe kwa Che Saidi.

"Aphiri, sikono amadya ndi maso?" anafunsa mkazi wanga.

Ndinamuyankha ndi mawu aatali achizungu amene ine ndemwe sindiwamvetsa.

Loweruka m'mawa ndinafika ndi dengu la masikono kwa mzungu wojambula zithunzi uja. Za Federesheni mukuzidziwa: ife anthu akuda timathandizidwira pawindo la kumbali. Kalaliki anati, "Ba mudala, pelekani basiketi. Bwana safuna omusokoneza." Masikono analowa, mwiniwake ndinatsala padzuwa mpaka masana.

Dengu litabwerera, ndinavundukula kansalu. Kukongola kwake! Ofiirira, onyezimira ngati mwana wodzola tsiku la ubatizo. Ndinati kapena magetsi awo awatenthetsa. Ndinapalasa njinga kupita kwa Che Saidi ndikuimba mluzu.

Che Saidi anaitana makasitomala awiri a ku njanji kuti alawe nawo. Anati bisimila, naluma. Anasiya kutafuna. Analavula m'dzanja, lilime lili bii.

"Aphiri, akazi anu amaphikira anthu kapena nsapato?"

Wina wa ku njanji ananyema lake, napezamo thonje. Mnzake anazula kamtengo ka machesi m'kamwa.

Lolemba ndinabwerera pawindo paja. Kalaliki anandiseka. Akuti ndi mmene amachitira. Akuti pachithunzi sikono limaoneka lotuwa, ndiye bwana amalipaka polishi kuti lide, kenaka mafuta a mashini kuti liwale. Thonje akuti n'lotukumutsa, machesi n'ogwirizira mulu kuti usagwe.

"Chakudya cha pa chithunzi sibakudya, ba mudala. Aliyense adziwa."

Aliyense wake uti? Amene munamusiya panja? Ndikanaonera pati, pakhoma? Pakamwa panu panali thonjenso kuti mulephere kunena mawu awiri okha, "musadye awa"? Nanga munawavundikiriranji bwinobwino ndi kansalu kanga? Akanakhala Rozina wanga atatola limodzi m'njira, bwenzi lero tikunena zotani?

Ndinapempha kuonana ndi bwanayo. Akuti ali m'chipinda cha mdima akutsuka zithunzi. Lachitatu, mumdima. Lachisanu, mumdima. Munthuyu ndi mleme?

Che Saidi anapereka malondawo kwa mayi wina wa ku Chilenje. Sindiwaimba mlandu. Kumpopi akazi ayamba kumutcha mkazi wanga Amake Polishi, ndipo amene ankagula pakhomo akudutsa ngati sationa.

Inu a zithunzi, ndalama zanga khalani nazo. Ndikufuna chinthu chimodzi: tulukani mumdimamo, mupite kwa Che Saidi, mukanene ndi pakamwa panu kuti polishiyo ndi wanu. Mukaime pawindo la kantini yawo, muonenso mmene zimakomera.

Ndipo inu anzanga ophika zogulitsa, chakudya chimene chalowa kwa wojambula inu muli panja, musachipatse ngakhale galu.

Chithunzicho anandipatsa, ndipo sindinama, n'chokongola. Dzulo nditaweruka, Amake Rozina anandiikira tiyi ndi mbale yovundikira. Nditavundukula ndinapeza chithunzi chija.

"Idyani ndi maso, Aphiri."