Mimba Yopanda Chipsera

A Twaibu anali telala wa pakhonde la sitolo ku Namwera, munthu wamantha osati masewera. Wapolisi akangodutsa pamsewu, phazi linkaima lokha pamakina. Mfuti sanaigwirepo chibadwire. Koma mwezi ndi mwezi munthu yemweyo ankatsikira kunyanja pa minibasi, n'kukakhala pabenchi ya chipatala cha asilikali, pakati pa madoda opuma pantchito. Kumeneko dzina lawo linali Kopolo Wadi.

Wadi anali mkulu wawo, msilikali weniweni, ndipo awiriwo ankafanana ngati mapasa. Atamwalira kumudzi, khadi lake la kuchipatala linatsala m'sutikesi. Chaka chomwecho a Twaibu anapezeka ndi shuga, mankhwala n'kumasowa pafupi. Amene anatulutsa khadilo anali akazi awo, a Mwanabibi.

"Wakufa samwa mapilisi," anatero mayiwo.

Zaka zisanu ndi ziwiri, abale! Anzawo a pabenchi akayamba nkhani za nkhondo ya ku Mozambiki, iwo ankangoti, "Eee, zinali zovuta." Ankadziwa kuti tsiku lodzagwidwa, ndende ili pakhomo.

Lachiwiri lina anafika atapindika ngati mbedza, thupi lili moto. M'mimba munkabaya kumunsi chakumanja, ndipo minibasi ikagunda dzenje ankaluma kolala ya malaya. Adokotala a tsikulo, mayi Keti, anamvetsera, kenaka n'kutsegula failo yakale ya Kopolo Wadi.

"Mmene mukufotokozeramu ndikanati ndi apendikisi, ndipo ameneyo akaphulika amapha," anatero. "Koma wanu anamuchotsa kale muli ku usilikali, zalembedwa apa. Mwina ndi zimene munadya. Kamweni mankhwalawa, mubwere Lachisanu."

A Twaibu anatenga kapepala ka mankhwala. Lachisanu? Iwo ankadziwa bwino mimba imene inang'ambidwa: inali ya mkulu wawo. Anaisambitsa okha tsiku la maliro, chipsera chake anachiona ndi maso awo. Yawo inali yathunthu, chilengere Mulungu.

Anayenda mpaka pachitseko. Panja msilikali wa pageti ankayendayenda, mfuti ili paphewa. Mantha anawagwira mbali zonse: akatuluka ndi manda, akabwerera ndi unyolo. "Ya Allah," ananong'ona, atagwira felemu. Kenaka m'mimba munabayanso.

Anabwerera. Anaima pamaso pa adokotala, n'kungokweza malaya.

Mayi Keti anayang'ana mimbayo, n'kuyang'ana failo, n'kuyang'ananso mimbayo. Anadina chala kumanja kuja, ndipo atachichotsa a Twaibu anakuwa ngati mwana.

"Nanga a Wadi ali kuti?"

"Kumanda, adokotala. Ine ndine mng'ono wawo. Ndimasoka zovala basi."

Mayiwo sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunawaopsa kwambiri. Anangotseka failo, n'kuitana ambulansi yopita ku Mangochi. Koma kumbuyo kwa galimotoyo kunakweranso msilikali, n'kukhala pambali pa machira, nkhope ili ndwii.

Anadutsa midzi ingapo. A Twaibu analephera kupirira.

"Bwana, ndiuzeni zoona. Mukunditengera kuchipatala kapena kundende?"

"Tiyambe ndi chipatala," anayankha msilikaliyo. Anatulutsa cholembera, n'kuyala fomu pabondo. "Dzina?"

A Twaibu anatsegula pakamwa, ndipo lilime linali litayamba kale kunena la malemu.