Kutsegula Foni ya Amayi

Amayi atamwalira, foni yawo inakhala ya atate popanda wina kunena kuti zikhale choncho. Titabwerako kumanda anaichotsa pawindo pamene inkakhalira pachaja, n'kuiika m'thumba la shati. Foni yawoyawo ya mabatani anaiponya m'dirowa.

Foni ya amayiyo inali yotchipa, yakale ndithu, yong'aluka sikirini pakona. Tinkakhala ku Linda, mu Livingstone, m'nyumba imene atate anagula atapuma ntchito ya kunjanji. Iwo anabwera kuchokera ku Chipata ali mnyamata, amayi anali Mtonga wa cha ku Kalomo, ine ndinabadwira mu Livingstone momwemo. Nthawi imeneyo ndinkachapa ndi kusita nsalu m'hotela ina ya kufupi ndi Mosi-oa-Tunya, ndipo ndine ndekha mwa ana amene ndinatsala pakhomo.

Amayi ankaimba m'kwaya ya azimayi kutchalitchi. Mawu awo anali otsika, aakulu, koma nyimbo zatsopano zinkawavuta kusunga m'mutu. Akabwerako kophunzira nyimbo ankaimika foni pashelefu ya mbale, n'kudzijambula akuimba mbali yawo, kuti mawa lake azimvetsera akusesa. Nyimbozo zinalimo zambiri. M'zina munkamveka madzi akuthira m'ndowa, m'zina tambala wa aneba, ndipo m'imodzi atate ankamveka chapatali akufunsa kumene kwapita lumo lawo.

Atate anayamba kumazimvetsera m'mawa uliwonse, atakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi. Ankatsitsa mawu kwambiri, ngati akuchita manyazi. Ine ndinkakhala ngati sindikumva, koma ndinkachedwa dala pomanga nsapato, ndipo kangapo minibasi inandisiya.

Tsiku lina m'mwezi wa kutentha ndinabwerako kuntchito masana n'kuwapeza ali pakhonde pomwepo, tiyi wa m'mawa akadali m'kapu.

"Mwana wanga, taona kuno. Amako sakuimba."

Ndinafunsa chimene chinachitika. Anati foniyo inalemba kuti yadzaza, n'kufunsa ngati akufuna kuti iyeretsedwe, iwo n'kuvomera. Ankaganiza kuti ichotsa zinyalala zokha. Ndinafufuza paliponse pamene ndinkadziwa. Malo a nyimbo anali mbee. Zithunzi zambiri zinapitanso, kunatsala za ukwati wa msuweni wanga ndi zina za maluwa zimene anthu amatumizirana m'mawa.

Sindinawadzudzule. Anapitiriza kuyenda nayo foniyo, kuyankhirapo, kulandirirapo mauthenga a kutchalitchi, kwa masabata angapo, mpaka mnzanga wina wophika kuhotela anandiuza za mayi wokonza mafoni ku Maramba amene anamubwezera zithunzi za mwana wake.

Tinapita Loweruka m'mawa. Kabenchi kake kanali pakati pa wogulitsa zovala za salaula ndi wogulitsa kapenta wouma, kansalu katapachikidwa kutchinga dzuwa. Anali wa msinkhu wanga, Mlozi mwa kalankhulidwe, ndipo patebulo pake panali laputopu yomatidwa ndi tepi, timasikuluu m'chivindikiro cha botolo, ndi mafoni otsegulidwa mimba. Anapukuta mpando n'kuwapatsa atate. Anamvetsera nkhani yonse osaidula, kenaka anaitembenuza foniyo m'manja.

"Mwakhala mukuisebenzesa kuchokera tsiku lija, batate?"

"Inde."

"Apo ni pamene pavuta. Chinthu mukafufuta sichichoka pamene apo. Chimagona pansi, mpaka vatsopano vibwere vigone pamwamba pake. Manje imwe mwalandila vinthu vambiri."

Ndinafunsa ngati ndiye kuti palibe chimene angachite.

"Ningayese, ba sisi, koma nikuuzeni chilungamo. Foni ili na vipinda vamene opanga anakhoma. Kuti nifike kwamene vofufutika vili, nifunika kuthyola loko. Ise timati kuika ruti. Ikavomera, nilowa paliponse. Ikakana pakati pa njira, foni siyakanso. Timati yasanduka njerwa."

"Njerwa," atate anabwereza.

"Njerwa chabe. Nthawi zina nimaiutsa, koma imauka ilibe kanthu mukati, monga yatsopano. Nthawi zina siuka. Iyi ni ya kudala, mwina ivomera. Siningalonjeze."

Atate anatambasula dzanja, iye n'kuwabwezera foniyo. Asanatilole kupita anakopera zithunzi zotsala zija pa kakhadi, ndipo anatiuza kuti tiizimitse, tisaiyatsenso mpaka titaganiza. Atate anaikulunga m'kampango n'kuibweza m'thumba la shati.

Inakhala yozimitsa nthawi yaitali kuposa mmene ndinkayembekezera. Atate anatulutsa ya mabatani ija m'dirowa kuti anthu aziwapeza, koma ya amayi sanasiye kuyenda nayo. Popita kutchalitchi inali m'thumba. Popita kukameta inali m'thumba. Ine ndinkafuna kuwamvanso amayi, ndipo ndinayamba kuona kuti mawu awo akundithawa. Nkhope ndinkaikumbukira bwino, koma ndikayesa kukumbukira mmene ankanditchulira dzina pondidzutsa, zinkabwera ngati munthu wina akuwayerekeza. M'chipinda chochapira kuhotela, makina akulira, ndinkayesa kung'ung'udza mbali yawo ya nyimbo, n'kupeza kuti ndakwera, ndalowa mbali ya ena.

Lamlungu lina tikubwerako kutchalitchi wapansi, ndinawafunsa.

"Batate, tipite liti ku Maramba?"

Anayenda pang'ono. Kenaka anagwira pathumba.

"Panopa ndikudziwa kuti ali muno. Sindikuwamva, koma alimo. Tikakatsegula n'kupeza mulibe, ndidzanyamula chiyani?"

Sindinafunsenso.

Anasintha maganizo okha, mvula yoyamba itagwa. M'mawa wina ndinawapeza atavala shati yoyera ndi nsapato zawo za kutchalitchi. Anati nditumize uthenga kuntchito kuti ndichedwa. Chimene chinawasintha sanandiuze, koma m'minibasi ya ku Maramba ananena mawu amodzi, akuyang'ana pawindo, kuti dzulo lake anayesa kuimba nyimbo ina ya pa Pasaka imene amayi ankaimba ndipo inawathera pakati.

Mayi uja atationa anasuntha mafoni ena pambali. Anayamba waonetsetsa kuti laputopu ndi foni zonse zili ndi moto wokwanira, chifukwa magetsi ankazima nthawi iliyonse masiku amenewo. Analumikiza chingwe, nauza atate kuti asagwedeze tebulo. Pa laputopu panayamba kuyenda timizere ta zilembo. Foni inazima yokha, n'kuyaka, n'kuonetsa chizindikiro cha kampani yake. Ndiye inaima pomwepo.

Tinadikira. Wogulitsa kapenta anasiya kuitanira anthu n'kubwera kudzasuzumira. Ngolo ya makala inadutsa, kunamveka kukangana kwa makondakitala kusiteji, chizindikiro chija chili chiimire pasikirini. Mayi uja anaika manja pamiyendo pake. Atate anavula chipewa n'kuchigwira pamaondo.

"Yafa?" anafunsa motsitsa.

"Tisaigwire, batate. Tiyembekeze."

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. Ndikukumbukira kuti ndinkapemphera pemphero lopanda mawu enieni. Kenaka sikirini inada, n'kuwalanso, ndipo chinatulukira chithunzi cha maluwa a papaya chimene amayi anaika kumaso kwa foniyo. Wa kapenta anabwerera pamalo pake ngati palibe chachitika.

"Yavomera," anatero mayi uja, akupuma mozama. "Manje tione vamene vasala."

Kufufuzako kunatenga mpaka dzuwa litafika pamutu. Zinayamba kubwera zithunzi, zing'onozing'ono, zosaoneka bwino, zina zodukaduka pakati ndi mzere wotuwa. Panali tomato wa m'dimba la kuseri kwa nyumba. Panali diresi la munthu wina lojambulidwa mobisa kutchalitchi, limene ndikudziwa amayi ankafuna kukasoketsa lofanana nalo. Panali njovu zija zimene zinalowa mu Linda chaka china, zojambulidwa patali kwambiri moti zinkaoneka ngati miyala. Ndipo panali atate. Atate akugona pampando kukamwa kuli yasa, atate akukonza njinga, atate akudya chimanga, atate chakumbuyo akupita kugolosale. Sankadziwa kuti ankajambulidwa. Amayi eniake sanaonekemo ngakhale kamodzi, chifukwa ndiwo ankagwira foni.

Atate anaseka pang'ono ataona cha kukamwa chija, kenaka anapukuta m'maso ndi chipewa.

Nyimbo zinabwera mayina okha. Mayi uja ankatsegula imodzi ndi imodzi, iliyonse n'kukana, kapena kutulutsa phokoso ngati la wailesi yosochera. Anayesa njira ina, nayesanso ina. Chakumapeto kamawu kamodzi kanavomera. Anatipatsa timahedifoni, kumodzi atate, kumodzi ine, mitu yathu itagundana.

Sikanali kanyimbo. Munamveka mbale ikugunda inzake, amayi n'kukonza pakhosi, n'kuyamba liwu loyamba, n'kulakwitsa. Anaseka, nanena m'Chitonga kuti ayi, ayambirenso. Anakoka mpweya. Pomwepo kanaduka.

Atate anapempha kuti akabwereze. Anakabwereza. Anapemphanso. Mayi uja anakakopera pa kakhadi ndi pa foni yanga, ndipo anandiuza kuti ndikatumizirenso abale anga tsiku lomwelo, kasakhale malo amodzi. Potsazikana anawagwira atate dzanja ndi manja awiri, nati pepani kuti nyimbo zakana. Atate anati wachita zimene akanatha.

Foniyo sinakhalenso bwino kuchokera pamenepo. Inkatentha m'thumba, batire inkatha msanga, ndipo nthawi zina inkazima yokha n'kuyakanso. Mvula isanathe, m'mawa wina inaima pa chizindikiro chija ndipo sinapitirirenso. Ndinapita nayo ndekha ku Maramba. Mayi uja anati angathe kuifulasha, kutanthauza kuiikamo zonse zatsopano, ndipo mwina iuka, koma zonse za m'kati zipita, ndi zogona pansi zomwe. Nditawauza atate, anakana. Anati nyimbo zija zikanalimo ndithu, kungoti ife ndi amene talephera kuzifikira, ndipo mwina kutsogolo kudzabwera odziwa kuposa apa. Anaikulunganso m'kampango.

Chaka chotsatira miyendo inayamba kuwavuta, ndipo mlongo wanga wamkulu anabwera kudzawatenga kuti azikakhala naye ku Chipata. Nyumba ya ku Linda tinaikamo anthu, ine ndinapeza chipinda ku Maramba. Ndimadutsa pa benchi ija kawirikawiri. Timapatsana moni, ndipo amandifunsa za batate.

Kumene ali atate kuli kakhadi kaja, mlongo wanganso ali nako kamawuko pafoni yake, koma iwo safuna kumvera kumeneko. Amati ana amachita phokoso, ndipo mlamu wanga amawayang'ana ndi chisoni chimene sachifuna. Amandiimbira ine Lamlungu masana. Timakamba za miyendo, za mvula, za amene wamwalira ku Linda. Nkhani zikatha amati, "Uli nawo pafupi amako?" Ndimabwereka foni ya mnzanga wa chipinda choyandikana, ndimawaimbiranso pa imeneyo, n'kutsegula kamawu ka amayi pa yanga, n'kugundanitsa mafoni awiriwo pabedi. Ndimakhala pambali osalankhula mpaka kathe. Nthawi zambiri amati ndibwereze, ndipo ndimabwereza.