Monika wa ku Chitunda ndi Mbatatesi Zake

Monika anabadwira kwa Kaphuka, m'mudzi woti aliyense ankadziwa kuchuluka kwa chimanga cha mnzake. Anali wachiwiri kwa Magadalena, yemwe anamulera amayi awo atamwalira. Magadalena ndiye anamuphunzitsa kusinja, kuzira nyumba, ngakhale kayankhulidwe ndi apongozi. Ankakonda kuti anthu azidziwa zimenezi.

Mwamuna wa Monika, Kenan, anagwirapo ntchito m'dimba la mzungu wina ku boma la Dedza. M'chaka cha 1916 anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali kunkhondo, ndipo sanabwerenso. Anasiya kanyumba pachitunda, ana awiri ndi dengu la mbewu ya mbatatesi, imene ambiri m'mudzimo anali asanailawepo.

Maliro atatha, Magadalena anasesa nyumba yakale kuseri kwa yake.

"Utsike kuchitundako. Mkazi sakhala payekha ngati kadzidzi."

"Ndikhala konkuja, akulu," anatero Monika, maso ali pansi.

Malume awo, a Gervazio, anagamula kuti amuleke chaka chimodzi. Akalephera kudyetsa anawo ndi khasu lake, adzatsika n'kumadya za m'nkhokwe ya mkulu wake, osanenanso kanthu.

Kuyambira pamenepo Magadalena sankatha kusinja osayang'ana kuchitunda. Monika sanaitane anthu odzamulimira ndi mowa monga ankachitira ena. Moto sankabwera kudzapala. Denga likadontha ankakwera yekha. Magadalena anali ndi mwamuna, mbuzi zisanu ndi nkhokwe ziwiri, koma utsi wa kuchitunda unkamuwawa kuposa wa m'nyumba mwake. Amayi akamati pachitsime, "Mng'ono wanu uja ndi wolimba," iye ankayankha kuti, "Kulimbako anakutola kuti? Si pamsana panga pano?"

Mvula itakhazikika, munda wa Monika unachita maluwa oyera ndi ofiirira. Anthu ankapatuka panjira kukaona. Magadalena anafuna mbewuyo, koma kupempha kwa mwana amene anamupukuta mamina kunamukanika.

Tsiku lina Monika anatenga ana n'kupita ku mishoni kukalapa, ulendo wa masiku atatu. Magadalena anakwera chitunda masana ndi chikwakwa. Iye ankadziwa mbatata ya kholowa, imene umadula tsinde lake n'kulitsindira mumzere. Anaganiza kuti mbatata ndi mbatata basi. Anayamba ndi mizere iwiri, koma dzanja silinafune kuima. Pofika madzulo theka la munda linali lometedwa, ndipo mitengo ya mbatatesi ija inali itazikidwa m'mizere kuseri kwa khola lake la mbuzi.

Patapita masiku anayi, yonse inagona n'kuda.

Monika anatsika m'mawa wa tsiku lachisanu. Anamupeza mkulu wake akuthirira zofotazo ndi chikho.

"Mwadzuka bwanji, akulu?"

"Ndadzuka. Ukuyang'ana chiyani? Sunaonepo munda?"

"Izi sabzala masamba. Amakwirira mbatatayo."

"Ndani wakufunsa? Uphunzitse ine kulima, iwe?"

"Mukanati ndigawire, ndikanakugawirani."

"Ndiye anthu azikati chiyani, kuti Magadalena akudyera m'manja mwa Monika?"

Monika anatembenuka n'kubwerera kuchitunda. Kwa a Gervazio sanakanene. Atamufunsa chomwe chadya munda, anangoti zadulidwa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pokolola, m'mizere yometedwa ija munatuluka timbatatesi tonga mazira a njiwa. Chimanga cha Monika chinali chochepa, chosafika n'komwe mwezi wa Okutobala. Magadalena anaziranso nyumba ya kuseri ija, naikamo mphasa yatsopano. Anauza aliyense kuti mng'ono wake atsika posachedwa, ndipo iye alibe naye mangawa.

Monika anasunga timbatatesi tating'onoto ngati mbewu. Zikuluzikulu anadyetsa ana. Zitatha, ankadzuka m'mamawa kupita kwa Mayani kukagwira ganyu wosinja ndi kupalira kwa anthu osamudziwa, n'kubwera ndi kalichero ka mgaiwa. Anaonda mpaka mikanda inkamuzendewera m'khosi. Magadalena anakwera yekha ndi dengu la ufa, nalisiya pakhomo. Tsiku lomwelo analipeza pakhonde pake, litavundikiridwa bwino ndi tsamba la nthochi kuti nkhuku zisajomphe.

Chaka chitakwana, a Gervazio anakwera kukaona ana. Anawapeza akuthamangitsana, miyendo yowonda koma yamphamvu. Anatsika n'kunena kuti Monika akhale komwe ali.

Monika anakhala kuchitundako zaka makumi atatu ndi mphambu, ndipo mbewu yake inafalikira midzi yoyandikana. Alongo ndi abale ankaitenga kwa iye, kupatula Magadalena, amene anakagula yake kwa munthu wa ku Chimbiya. Awiriwa ankapatsana moni, pamaliro ankakhala mphasa imodzi. Magadalena atakalamba, anthu akamayamikira mng'ono wake, ankapukusa mutu.

"Munthu wanji ameneyo? Zaka zonsezi sanandipemphepo ngakhale mchere."