Goloboyi wa Pabenchi

Ku Nsaru kuli bambo ena ake amene anatha zaka khumi ndi zinayi mu timu ya mpira ya pamsika osayambapo masewero ngakhale kamodzi. Iwo anali goloboyi wa pabenchi, wolowa zinthu zikathina, mnzawo akavulala kapena mapenate akayandikira. Lero kumutu kuli mbuu ndi imvi, koma khalidwe ndi lomwe lija. Pantchito amafika, kukhala pansi, n'kumangoyang'ana manja a anzawo. "Ine musandiwerengere koyambirira," amatero.

Chaka chatha anthu akufolera chigafa cha a Esinati, mayi wamasiye, kumwamba kunada fodya ali pamtetete. Oponya mitolo ya udzu padenga anali atalema, mitolo ikungobwerera pansi. Bambo aja anavula jekete n'kupukusa phewa kawiri, monga ankachitira asanalowe m'bwalo. Mtolo uliwonse umene ankaponya unkagwera m'manja mwa wofolera, ndipo mvula inayamba womaliza utamangidwa kale.

"Kodi mphamvu zonsezi mumasungira ndani chiyambire m'mawa?" anafunsa a Esinati.

"Ndimasungira inuyo, mayi," anayankha akuvala jekete lawo. "Oyamba amakhala ambiri. Akatopa, pamafunika mmodzi woti sanatope."