Pikapu inazima pakati pa mtsinje

Anzanga, izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, zinandichitikira ine ndemwe dzuwa likuswa mtengo, ndipo woti ndikunama akafunse mayi a kunyumba kwanga, alipo amoyo.

Zinali zaka za m'ma 80, ndikuyendetsa pikapu ya dizilo ya bambo wina wogula thonje ku Golomoti, galimoto yokalamba koma yosakana ulendo. Tsiku lina dzinja lili pakati mkazi wanga matenda anamuyamba, mimba yoyambatu, ndipo azamba atamuona anati mwana wagona mopingasa, tithamangire kuchipatala ku Mua. Tinamugoneka pamphasa kumbuyo, apongozi anga aakazi atamugwira mutu, ine n'kuliza galimoto.

Sitinapite patali, injini inayamba kutsokomola, mphamvu n'kutha, kenako zii. Ndinatsegula boneti n'kumasula fyuluta poganiza kuti yatsekeka ndi zinyalala, koma inali yoyera bwinobwino. Ndinaibwezera, ndinapopa kapampu kapamanja mpaka dizilo atafika, inalira. Tangoyenda pang'ono, yazimanso! Ndinakwawira pansi kutsata paipi yonse ngati yabooka, osapeza ngakhale kadontho. Apongozi anayamba kunena kuti izi si zagalimoto, alipo wina m'mudzi amene sakufuna kuti mwanayu abadwe. Ine mtima wanga ndi wapachala, koma mpongozi ungamukalipire? Ndinangopopanso, inalira.

Tsono mudzi wathu uli kutsidya kwa kamtsinje kopanda mlatho, timangowoloka pamchenga. Inuyo mukuganiza kuti kachitatu inakazimira pati? Pakati penipeni! Kwathu kuchigwa kunali ngwee, koma kumapiri a Dedza kunali bii, ndipo amene anakulira kuno akudziwa kuti madzi a kumapiri sapanga odi. Amayi amene ankachapa kutsidya anayamba kukuwa kuti tichoke, mtsinje ukubwera. Ndinamva ndithu mkokomo chakumtunda, madzi a m'miyendo mwanga akusanduka ofiira. Kumunyamula mkazi wanga sikukanatheka, anali atasiya n'kubuula komwe, akungondiyang'ana.

Ndinakanikiza kapampu kaja, kanalowa osabwereranso, ngati pali chinthu chikukakoka mkati. Apa ndinaopa, abale, ndinayamba kukhulupirira za apongozi. Komabe ndinati mwina anyamata andibera dizilo, ndinatola kamtengo kuti ndipime m'thanki. Chitsekero cha thankiyo chinatayika kalekale, ine ndinkangotsekapo ndi kasanza. Koma tsikulo ndinapeza chitsononkho chokulungidwa m'pulasitiki, chokhomeredwa zolimba, chomangidwanso ndi mphira wa chubu. Ndinachizula ndi ukali wanga wonse, ndipo thanki inakoka mpweya kuti fyuuu, ngati munthu amene wavuuka m'madzi. Apongozi anakuwa kuitana Mariya Woyera, inenso ndinalumpha, sindibisa.

Mutu unabwerera pomwepo. Thanki ikatsekedwa osasiya polowera mpweya, dizilo amakanirira momwemo, pampu ikoke bwanji. Ndinathamangira kutsogolo, kapampu kanali katadzuka, ndinapopa ngati wamisala, madzi ali m'mawondo. Kuliza koyamba inakana. Kachiwiri inabangula, amayi ochapa aja analowa m'madzi n'kutikankha, tinakwera kumtunda. Nditacheuka, pamene tinaima paja pankadutsa chimtengo chathunthu ndi mizu yake.

Ku Mua anamuchita opaleshoni, kunabadwa mwana wamkazi. Tili pakhonde la chipatala ndinafunsa, mwaulemu ndithu, kuti kodi anatseka thanki ndani. Apongozi anayang'ana pansi, nati ndi iwowo, chifukwa fungo la dizilo linkamusanzitsa mwana wawo, ndiye anati amutsekere bwino asavutike panjira. Anayamba kulira. Ukali wonse unandithera, ndinangowauza kuti mayi, tontholani, kaoneni mdzukulu.

Lero ndimakhulupirira kuti panalibe mfiti pa ulendo umene uja, panali mayi wokonda mwana wake, ndi Mulungu amene anandipatsa maganizo otola kamtengo. Ndiye inu oyenda ndi dizilo, galimoto ikamazima n'kumalira, kuzima n'kumalira, musanatchule dzina la munthu, yambani mwatsegula thanki mumvetsere. Mwana uja ndi mayi tsopano, ndipo agogo ake mpaka kumwalira kwawo sanaponyepo chitsononkho pamoto osayamba aseka.