Tayala la mano la a Raphael Ngozo

Loweruka pa 15 Febuluwale 2025, dzuwa litangopendeka, pamaso pa alendo asanu ndi anyamata onse a kabaza a pa Nsipe, Austin Chimbalanga analoza malume ake chala n'kunena kuti: "Atigwetsa ndi madalawa. Akalamba, ntchito sakuionanso."

Olozedwa chalawo anali a Raphael Ngozo, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa amayi ogulitsa kabichi. Akhala pamenepo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Asanagwire sipanala ankatsika ndi matumba a mbatatesi kuchokera kumtunda kwa Nzama, dzinja ndi chilimwe chomwe. M'chaka cha 1987 tayala lakutsogolo, lomwe linali litatha mano, linawathawa pakona ina pamene katondo anali atanyowa. Fupa la phewa linathyoka, ndipo mpaka lero malaya amawakhala chopendekera. Sukulu yawo ya matayala inali imeneyo. Mayeso ake analembera m'chipatala.

Austin ndi mwana wa mchemwali wawo, a Lufina. A Ngozo anamuphunzitsa okha kupalasa, kumata chubu ndi kuwongola masipoko, ndipo njinga imene anayambira kabaza inachokera pansi pa mango pomwepo. Masiku ano ali ku Lilongwe, amavala chisoti cha mabowo, ndipo amatsogolera anthu a m'maofesi okatsetsereka m'mapiri. Amakwera phiri pa galimoto, n'kutsika pa njinga. Chimene a Ngozo anachichita zaka khumi chifukwa cha umphawi, tsopano chimatchedwa tchuthi.

Austin anafika Lachisanu, mvula itagwa masiku atatu osapuma, ndi njinga zisanu ndi imodzi kumbuyo kwa galimoto. Anabweretsanso matayala atsopano asanu ndi limodzi, njinga iliyonse limodzi. A Ngozo anatenga limodzi, n'kuyendetsa chala pa mano ake, ataliatali ndi otalikirana, ndipo mtima unawakhala pansi. Mano othinana, katondo amawamata n'kukhala ngati mbale yadothi. Awa akanaluma pansi n'kulavula matope.

"Wagula bwino, mphwanga," anatero.

Austin atapita kukagulira alendo ake chimanga chootcha, iwo anayamba ndi njinga ya mayi wina dzina lake Zione. Tayala latsopano analiika kutsogolo, n'kuphwetsako mpweya pang'ono kuti ligone bwino pansi. Austin anabwera akutafuna.

"Malume, mwatani apa? Latsopano limakhala kumbuyo."

"Kumbuyo ukanyamula thumba la chimanga. Awa anyamula chiyani? Botolo la madzi?"

"Koma munandiphunzitsa ndinu."

Apa ndiye pamawawa, chifukwa Austin sananame. Wakabaza aliyense amadziwa kuti tayala lakumbuyo ndi limene limasenza katundu, limayamba kutha ndi lomwelo, ndipo latsopano limapita kumeneko, lopopa mpaka lilire ngati ng'oma. A Ngozo anaphunzitsa zimenezo Nsipe yonse. Sanadziwe kuti ophunzira awo anamva kuti lamulolo linatsika ndi Mose paphiri.

"Ndinakuphunzitsa kunyamula, sindinakuphunzitse kutsetsereka pamvula," anatero. "Lakumbuyo likaterereka, njinga imangogwedeza matako, iwe n'kuiwongola. Lakutsogolo likaterereka, umakafunsira pabedi kuti chachitika n'chiyani."

Anyamata a kabaza, omwe anali atakhala pa makaliyala awo kudikira okwera, anaseka.

"Ayi madala, kumbuyo!"

"Mukufuna azibwanawa azikankha phiri ndi tayala lometa mpala?"

"Sakukwera phiri, opusa inu, akutsika!" anatero a Ngozo.

Koma munthu mmodzi wa phewa lopendekera sangapose pakamwa khumi. Austin anayang'ana alendo ake, alendo anayang'ana chisoti chake, ndipo chisoti chinapambana. "Ikani kumbuyo, malume. Ndipo mupope zolimba. Ulendowu ndi wanga."

A Ngozo anaika. Matayala asanu anawaika kumbuyo, akukukuta mano. Atafika pa njinga yoyamba ija kuti asinthe, Zione anagwira handulo.

"Yangayi isiyeni choncho, bambo. Pakati pa amene anagwapo ndi amene sanagwepo, ine ndimvera wogwayo."

Zimene zinachitika Loweruka m'mawa, a Ngozo anazimva kwa mwini dimba lina la kabichi. Pakona yomwe ija ya mu 1987, imene yakhala ikudikira moleza mtima, njinga zisanu zinapita molunjika pamene njira inakhota. Austin ndi amene anatsogolera, monga mwa udindo wake. Anakagona m'mizere ya kabichi, mmodzi pamwamba pa mnzake. Bambo wina wonenepa, a Dalitso, anabinya dzanja, ndipo nsapato yawo imodzi katondo sanabwezebe. Zione anakhota bwinobwino, anatsika mpaka kumsewu, n'kukhala pamwala kudikira anzake.

Atabwerera pa Nsipe ali psuu ngati njerwa zosaotcha, a Dalitso anafunsa funso loyenera: anaika matayalawa ndani? Ndi pamene chala chija chinatuluka. Zione anayesa kunena kuti yake sinagwe. "Amayi ndi opepuka thupi," Austin anayankha msanga. Amene anamuona Zione akudziwa kuti umenewo unali ulemu chabe. Galimoto inalira, ndipo mboni yokhayo inapita nayo ku Lilongwe.

Mboni zina zinatsala, khumi zathunthu, zomwe zinakuwa ndi pakamwa pawo kuti "kumbuyo". Koma kukumbukira ndi ntchito yolemetsa kwa munthu wa kabaza. Pofika Lolemba, pa Nsipe pankamveka kuti a Ngozo agwetsa alendo. Pofika Lachitatu anali atapatsidwa dzina, aGwetsani. Njinga zimene zakhala zikubwera pansi pa mango kuyambira eni ake ali m'mimba, tsopano zimadutsa n'kukaima patsidya pa msewu, kwa munthu amene amamanga nati ndi mwala. A Ngozo amafikabe m'mawa uliwonse. Amayala masipanala pa thumba, amawapukuta ali oyera kale, n'kuwayalanso.

Akazi awo, a Janeti, akuti nkhaniyi aisiye. A Lufina akuti Austin ndi mwana. Mwana wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wa ndevu mpaka m'khosi! A Ngozo anatuma uthenga kwa Austin kawiri kudzera kwa woyendetsa minibasi. Kachiwiri, yankho linabwera: paketi ya shuga, yopanda mawu. Sanaitsegule. Anaikoleka panthambi, pafupi ndi tayala lakutha, ndipo nyerere ndi zimene zalandira chipepesocho.

Shuga sakumufuna. Dzina lawo linachotsedwa masana, pagulu, ndipo libwezedwe masana, pagulu. Austin Chimbalanga abwere pa Nsipe tsiku la msika, aime pansi pa mango pamene anaima, avule chisoti, anyamata a kabaza ali pomwepo, ndipo ayankhe mokweza: ananena kuti tayala la mano lipite kumbuyo ndani?